Chipewa Chachikasu cha Maman

Tsiku lomwe Shehe adamanga ukwati wa Iddi ndi Tausi, amayi a ku Eriya 1 adavina mpaka kupsereza mpunga, ndipo aliyense adati awiriwa adachita kusankhana masana dzuwa likuswa mtengo. Iddi adali mphunzitsi wa Chifalansa pasukulu ina ya sekondale yoyima payokha ku Eriya 3, munthu wansangala, wosatha nthabwala pakamwa. Tausi naye adali ndi dzanja lake. Masamusa ake ankadziwika kuyambira kumzikiti waukulu mpaka kudepoti, ndipo m'mwezi wa Ramazani anthu ankachita kuima pamzere pakhonde pake. Iddi akaweruka ankakhala pambali pa mbaula n'kumaphunzitsa mkazi wake moni wa Chifalansa, mkaziyo n'kumapotoza lilime dala kuti mwamuna aseke. Ndani akadaganiza kuti nyumba ya chimwemwe chotere idzatulutsa nkhani yoti mzinda wonse ugwire pakamwa?

Koma zaka zidayamba kupita mphatso osabwera. Anzake amene adakwatiwa pambuyo pake adabereka, kuletsa kuyamwa, kuberekanso, Tausi akungoyendera makanda a eni ndi sopo m'manja. Kuchipatala adapitako, zitsamba adamwa zowawa ndi zonunkha zomwe, koma kudali zii. Iddi sankanena kanthu. Wonena adali mlongo wake, Suhaila, wogulitsa nsalu mumsika waukulu, mayi amene pakamwa pake padalibe chitseko.

"Mlamu, musandione ngati woipa," adatero Suhaila tsiku lina, uku akutafuna samusa yaulere. "Achimwene akukula. Chipembedzo chathu sichiletsa mwamuna kubweretsa mnzanu woti muzithandizana. Kodi dzina la bambo athu lithere pa masamusa?"

Tausi adaseka ndi mano okha. Kuyambira tsiku limenelo mantha amodzi adamanga msasa mumtima mwake, oti adzadzuka m'mawa wina n'kupeza mkazi wachiwiri akusesa pabwalo lake, mwana wa Iddi ali kumsana. Adali wokonzeka kupirira umphawi, matenda ngakhale chipongwe cha mlamu wake, koma kugawana mwamuna ayi.

Kusukulu, Iddi adali ndi kaphunzitsidwe kakekake. Ankati chilankhulo sichilowa m'mutu pokopera za pabolodi, chimalowa munthu akamapempha nacho, kukangana nacho ndi kudandaula nacho. Choncho eni sukulu atalemba mphunzitsi wachiwiri wa Chifalansa, mtsikana wotchedwa Tamara, awiriwa adagwirizana kuti kalasi ya Fomu 3 isanduke banja limodzi chaka chonse. Iddi adali Papa, Tamara adali Maman, ndipo ophunzira onse adali ana awo. Pakona pa kalasi padali katoni ya zovala, momwe mudali jekete lakuda lakale la Papa, komanso chipewa chachikulu chachikasu ndi shawelo za Maman. Aphunzitsiwo akangovala zimenezo, Chichewa ndi Chingerezi zinkatsala panja. Wofuna kupita kumpira ankapempha kwa Papa m'Chifalansa, wokana kutsuka mbale ankakalipiridwa ndi Maman m'Chifalansa, ndipo ngakhale ana amene kale ankawodzera m'kalasi adayamba kulimbirana mpata woyankhula.

Zambiri mwa izi Iddi ankazifotokoza kunyumba, koma zoti kuli Maman, ndi dzina la mwini chipewacho, ankazimeza. Ankadziwa pamene padali bala la mkazi wake, ndiye adati kukhala chete ndiko kusamala. Apa ndi pomwe amuna ambiri amaphonyera. Chinthu chosalakwika ukachibisa chimayamba kununkha ngati cholakwa, ndipo tsiku loti chaululika palibe amakhulupirira kuti chidali chabwinobwino.

Lachitatu lina m'mawa Iddi ndi Tamara adatenga kalasi yonse kupita nayo kumsika, kuti ana akatchule tomato, anyezi ndi usipa m'Chifalansa zinthuzo akuziona ndi maso. Suhaila adawaona akudutsa pabenchi lake, ndipo foni idamupeza Tausi akukanda ufa.

"Mlamu, siyani zomwe mukuchitazo. Bwerani kumsika mudzaone banja la amuna anu."

Tausi adafika ali wefuwefu, ufa ukadali m'zala, n'kuima kuseri kwa mulu wa makabichi. Adaona mwamuna wake ali m'jekete lomwe iye sadalichapepo, atanyamula dengu. Iddi, amene chikwatiranireni sadamunyamulirepo ngakhale jumbo ya anyezi! Pambali pake padali mkazi wamtali, nkhope itabisika pansi pa chipewa chachikasu, akusankha tomato n'kumaponya m'dengumo. Kumbuyo kwawo ana ankafuula, "Papa! Maman!" Chifalansa Tausi sankachidziwa kwenikweni, koma mawu awiri amenewo safuna sukulu. Amayi ogulitsa masamba, amene ankamudziwa bwino lomwe, ankatsinana n'kumayang'ana kumbali.

Madzulo ake Iddi adapeza mbaula yozima.

"Kwagwanji, akazi anga?"

"Akazi anu ndi ati? Ine kapena wachipewa uja?"

Iddi adayamba kuseka, koma ataona nkhope ya Tausi, kusekako kudamuthera pakhosi. "Tausi, ameneuja ndi mphunzitsi mnzanga. Ndi sewero chabe, ndi mmene timaphunzitsira ana."

"Sewero! Msika wonse waonera sewero lanulo. Mwamuna ndi mkazi akasankha limodzi tomato amakadyanso limodzi. Ngati ndi sewero, bwanji miyezi yonseyi simunanditchulirepo kuti kuli Maman?"

"Ndimaopa zomwezi."

"Mumaopa chifukwa mumadziwa! Mwaona kuti ine mimba yanga ndi youma, ndiye mwakapeza wokuberekerani kalasi yathunthu. Akukuitanani Papa pagulu, inu mano onse pamtunda. Ndine ndinakumanani dzina limenelo, eti?"

"Usandinamizire iwe! Ndinayamba ndakunenapo za mwana ine?"

"Simunena, mumatuma achemwali anu."

"Ndiye ndisiye ntchito chifukwa cha pakamwa pa Suhaila?"

"Ntchito musasiye. Siyani mkaziyo."

"Wapenga iwe," adatero Iddi, ndipo adamenyetsa chitseko n'kulowera kumzikiti. Oyandikana nawo nyumba, amene adali atatsitsa mawailesi awo kuti amve bwino, adawakwezanso.

Abale anga, nsanje ndi matenda oipa chifukwa wodwala amadziyesa sing'anga. Chilichonse chimene waona amati ndi umboni. Iddi akachedwa, Tausi ankati ali kwa wachipewa. Akafika msanga, ankati chikumbumtima chamuthamangitsa. Akayimba kanyimbo ka Chifalansa posamba, ankati akuyimbira mkazi uja, ndipo akakhala chete ankati akumuganizira. Akuluakulu adati banja ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule. Tausi ankasaka kapasuleyo kusukulu, osadziwa kuti ankabwera pakhomo pake pomwe tsiku ndi tsiku kudzadya masamusa.

Patapita nthawi kudachitika maphunziro a aphunzitsi a Chifalansa ku City Centre, masiku a Loweruka. Pofuna mtendere, Iddi adauza mkazi wake kuti pasukulu pawo akupitako yekha. Koma bodza lilibe mwendo. Sabata yomweyo Suhaila adatulukira, nkhani ikumuyabwa pakamwa.

"Awaona, mlamu. Mpando umodzi mu minibasi, akunong'onezana m'chilankhulo chawo chija kuti ena asamve. Komatu akuti mtsikanayo ndi waulemu wake, thupinso ndi la obereka. Akangolowa Chisilamu, ine sindikuonapo vuto."

Loweruka lotsatira Iddi atabwerako, Tausi adamuikira madzi osamba, n'kumufunsa mofatsa, "Munapita ndi ndani lero?"

"Ndekha," adayankha Iddi, maso ali pa nsapato zomwe ankavula.

Kuyambira pamenepo Tausi adasiya kufunsa, adasiya kulalata, adasiyanso kulira. Mtima wa Iddi udakhala pansi poganiza kuti mphepo yadutsa. Kalanga ine, sadadziwe kuti bodza lakelo, laling'ono ngati njere ya therere, lidali litatseka khomo lomaliza lomwe choonadi chikadalowera mwa mkazi wake.

Chakumapeto kwa chaka sukulu idakonza Tsiku la Chifalansa, loti makolo abwere adzaone zomwe ana awo aphunzira. A Fomu 3 adakonza zosandutsa holo kukhala lesitilanti, ena operekera zakudya, ena ophika, ndipo banja la Papa ndi Maman lidzabwere kudzadya. Iddi adaganiza kuti wapeza mankhwala a banja lake.

"Tausi, ubwere udzatikazingire masamusa pomwepo. Udzaone ndi maso ako kuti ndi masewera a ana basi. Ndiponso masiku ano za Maman zija..."

"Dzina limenelo ndisalimvenso m'nyumba muno."

"Tandimvera kaye."

"Ndati ndisalimve! Kubwera ndibwera. Ndikufuna ndidzamuone pafupi."

Chimene Iddi ankafuna kunena chidali chakuti iye ndi Tamara adasiya kale kuvala zovala zija. Pofuna kuchotsa chokhumudwitsa mkazi wake, komanso poona kuti ana adziwa Chifalansa mokwanira, adapereka udindo wa Papa ndi Maman kwa ophunzira eni ake. Chipewa chidagwera Evelesi, mtsikana wamtali kuposa anzake onse, mwana yekhayo wa mayi Alesi, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Eriya 10. Evelesi ankakonda Chifalansa mpaka kuchiyankhulira mbale potsuka, ndipo ankauza mayi ake kuti akadzatha sukulu adzakhala womasulira m'misonkhano ikuluikulu, iwo adzapume kukolopa m'nyumba za eni. Iddi akadangoumirira n'kumaliza mawu ake, nkhani ino sibwenzi ikukambidwa. Koma adatopa ndi mikangano, ndiye adati mkaziyo akadzionere yekha.

Tsikulo lidafika, dzuwa lili ng'aa. Tausi adaika mbaula yake pakhonde la holo, pafupi ndi khomo la m'mbali, n'kuthira mafuta odzaza chiwaya. Makolo ankalowa atatchena, ena m'magalimoto, ena wapansi, ndipo pakati pawo padali mayi Alesi m'chitenje chawo cha kutchalitchi. Mphunzitsi wina wamkazi, wovala diresi wamba, adabwera pambaulapo n'kupinda mawondo.

"Amayi, ndinu akunyumba kwa a Iddi? Ine ndine Tamara. Zikomo kwambiri potithandiza, fungo lokhali latikhutitsa kale."

Tausi adangogwedeza mutu osamuyang'anitsitsa. Dzinalo silidamuuze kanthu, pakuti mwamuna wake sadalitchulepo. Iye ankadikira chipewa.

Belu litalira, chipewacho chidatulukira. Chidalowera kukhomo lakutsogolo, mwini wake atafunda shawelo mpaka m'chiuno, n'kukakhala patebulo loyandikana ndi khomo la m'mbali, atafulatira Tausi. Ana onse adaimirira n'kufuula, "Bonjour, Maman!" Makolo adaomba m'manja. Koma Evelesi, poona khamu la anthu, mawu oyamba adamuthawa. Iddi adathamangirako, n'kuwerama kumunong'oneza kukhutu, dzanja lili paphewa pake, kenako adamukonza chipewa chomwe chidapendekeka, uku akumwetulira. Mayi Alesi, poona mwana wawo akulemekezedwa chonchi, adalephera kuugwira mtima, adaimba nthungululu yaitali.

M'makutu mwa Tausi nthungululuyo idamveka ngati ya ukwati. Adaona kuti amuitanira kudzakazinga paphwando la mkazi mnzake, makolo onsewa ali mboni. Maso ake adachita mdima. Adapinda chitenje, adagwira nacho makutu a chiwaya, adadutsa pakhomo paja mafuta akuwira, ndipo Iddi atangosuntha, adakhuthulira onse pachipewacho.

"Umuberekere tsopano!" adafuula.

Mfuu yomwe idatuluka pansi pa chipewa sidali ya mkazi wamkulu. Idali ya mwana, ndipo idatuluka m'Chichewa. "Amayi! Amayi ine!"

Chipewa chidagwa. Tausi adaona mutu wometa wa mwana wasukulu, adaona kolala ya yunifolomu pansi pa shawelo. Adaona mayi wa chitenje cha kutchalitchi akugwetsa mipando pothamanga, ndi mphunzitsi uja wa diresi wamba akukuwa kuti abweretse madzi, ana akumugwira mkono n'kumalira. Chiwaya chidamupulumuka m'manja. Iddi adatembenuka n'kumuyang'ana, ndipo adangoti, "Tausi, ndi mwana uyu." Alonda a pasukulupo adachita kumutsekera Tausi m'kalasi kuti makolo asamuphe apolisi asadafike.

Evelesi adalimbana ndi ululu kuchipatala kwa masiku angapo, kenako adatsamira mkono. Adaikidwa kwawo, kumudzi wa kufupi ndi Likuni, anzake a Fomu 3 atanyamula maluwa.

Mlandu utalowa kubwalo lalikulu la milandu, anthu adadzaza mpaka m'mawindo. Suhaila adaitanidwa ngati mboni, ndipo adalumbira kuti iye ankangocheza ndi mlamu wake monga amachitira amayi onse, sadatume munthu kunyamula chiwaya. Lamulo lidalibe pomugwirira, ndiye adatsika n'kukonza mpango wake. Tamara adafotokoza za katoni ya zovala ndi za ulendo wa kumsika, misozi ili chuchuchu, ndipo m'pamene Tausi adamuyang'ana bwino kwa nthawi yoyamba. Adali mtsikana wamba, wa chibwenzi chake kwina, amene sadamulakwirepo kalikonse.

Mayi Alesi atapatsidwa mpata, sadayang'ane woweruza. Adayang'ana Tausi.

"Akuti inu mumalira mwana, mayi. Ndamva. Ine ndinali naye mmodzi, ndamulera ndi tsache ndi chikolopa. Mukanabwera kwa ine n'kunena kuti mukusowa mwana wokuitanani amayi, ndikanamutuma kwanu Loweruka lililonse, analitu waulemu. Nanga mwapindulanji? Inu mulibe, inenso ndilibe."

Loya wa Tausi adapempha kuti bwalo liganizire kuti mayiyu adachita izi mutu utazungulira ndi mkwiyo, ndipo sankafuna kupha mwana. Woweruza adapukusa mutu. Adati munthu wonyamula mafuta owira n'kuwathira pamutu pa mnzake amadziwa chomwe mafutawo achite, ndipo kuphonya munthu amene ankamufuna sikuchepetsa mlandu, pakuti ngakhale Tamarayo sankayenera kufa. Adamupeza wolakwa pa mlandu wakupha, ndipo adamulamula kukakhala kundende zaka makumi awiri ndi zisanu akugwira ntchito ya kalavulagaga.

Iddi adapita kukamuona kamodzi kokha. Adali atawonda, ntchito ya uphunzitsi atasiya, pakuti sankathanso kuima pamaso pa ana. Adakhala moyang'anana, waya ali pakati pawo.

"Amuna anga, ndikhululukireni," adatero Tausi. "Ndinkaopa kuti mundibweretsera wina."

"Abale anga ananditengera kwa Shehe pa nkhani imeneyo chaka chatha," adayankha Iddi motsitsa mawu. "Ndinawauza pamaso pa Shehe kuti mkazi wanga ndi Tausi, kaya kubwere mwana kaya ayi, wina sindidzakwatira. Sindinakuuze poopa kuti ukamva zoti anakambapo udandaula. Ndimabisa zonse, zabwino ndi zoipa zomwe, ndipo mlandu umenewo ndi wanga, ndidzafa nawo."

Tausi adagwira waya ndi manja onse awiri. "Ndiye mudzandidikira?"

Iddi adapukusa mutu. "Mwana amene tinalibe sanandipwetekepo. Wandipweteka ndi mwana wa eni amene anapsera m'manja mwanga. Ndikakuyang'ana ndikumva mfuu yake. Ndabwera kudzakumasula, Tausi. Kuyambira lero sindiwenso mkazi wanga."

Adanyamuka osacheuka, ndipo msilikali wa ndende adamugwira Tausi pamkono kubwerera naye m'chipinda. Tausi adakhala pansi pakona, anzake akukangana za malo ogona, iye osamva kanthu. Mkazi wachiwiri amene adamuopa zaka zonsezo sadaliko, ndipo sakadabwera n'komwe. Banja lomwe ankaliteteza ndi mafuta owira lidali lotetezedwa kale, adaliphwasula ndi iye mwini.

Inu amene mwamva nkhaniyi, musathamangire kuloza chala Tausi yekha. Alipo mlamu wa lilime lakuthwa amene mpaka lero akugulitsa nsalu mumsika mtima uli m'malo, ndipo alipo mwamuna amene adayesa kuti kubisa ndi chikondi. Koma amene adanyamula chiwaya ndi mmodzi, ndipo adachinyamula chifukwa adakana kumva mawu ochepa okha amene mwamuna wake adayamba kunena. Nsanje ikatseka makutu imatsekanso maso, ndipo dzanja la munthu wosamva ndi wosaona silisankha pogwera. Lidagwera pa Evelesi, mwana wa Fomu 3, amene adangoiwala mawu oyamba a sewero lake.